Banki ikati "tatukula dera", amawerengera bwanji? Nkhani ya lamulo la CRA ku America

Ku America kuli lamulo loti banki ikamasunga ndalama za anthu a dera linalake, izibwezanso kenakake kuderalo. Dzina lake ndi Community Reinvestment Act, ambiri amangoti CRA, ndipo analisaina ndi pulezidenti Jimmy Carter mu 1977. Kungomva chonchi zikuoneka zophweka eti, koma mutu umayamba kuzungulira mukafunsa kuti kubwezako ndi chani kwenikweni, chifukwa si chabwino chilichonse chomwe banki yachita chimene chimawerengedwa ayi. Banki itha kugulira timu ya mpira ma jezi, mabwana kujambulitsa atanyamula chicheke chachikulu ngati zija timaziona mmanyuzi kwathu kuno, ogwira ntchito kudzuka Loweruka kukasesa msewu, oyendera mabanki kubwera nkungoti pepani, izi sitiwerenga. Ndiye nkhani yonse yagona pa tanthauzo la mawu awiri omwe malamulo amawatchula kuti community development, ife tingoti ntchito zotukula dera.

Poyamba timve kaye komwe zinachokera. Mzaka za m'ma 1930 bungwe la boma la Home Owners' Loan Corporation linajambula mapu a mizinda yoposa 200, madera nkuwapatsa magiredi kuyambira A mpaka D. Madera a D ankawapaka utoto wofiira kusonyeza kuti kumeneko kubwereketsa ndalama nkuika moyo pachiswe, ndipo ambiri mwa madera amenewa munkakhala anthu akuda ndi obwera. Mawu oti redlining anachokera pamenepo. Ndiye zinkachitika ndi zoti banki ili ndi nthambi pakati penipeni pa dera lofiiralo, ikulandira ndalama za anthu a mmenemo tsiku ndi tsiku, koma munthu yemweyo akabwera kuti ndikufuna loni ndigule nyumba olo ndikonze denga, ankabwezedwa pakhomo, ndalama zake zomwezo nkukabwereketsa a kumayadi kunja kwa tauni. Dera limafa pang'onopang'ono chonchi, nyumba zikugwa, mashopu akutseka, kenako banki nkumati mwaona, tinanena ife kuti kuno kulibe phindu. Mayi wina wa ku Chicago, Gale Cincotta, ndi anzake a National People's Action anachita phokoso mpaka mu 1975 kunabwera lamulo lokakamiza mabanki kuulula komwe akupereka ngongole za nyumba, ndipo manambala ataonekera poyera senata William Proxmire wa ku Wisconsin anatsogolera bilu ya CRA.

Lamulo la 1977 lenilenilo ndi lalifupi zedi. Limangoti banki ili ndi udindo wothandiza pa zosowa za ngongole za dera lonse lomwe ikugwiramo ntchito, kuphatikizapo madera a anthu opeza zochepa, bola isadziike pachiopsezo chogwa. Silinena kuti perekani ndalama zakuti, palibe kota. Zonse za kawerengedwe anazisiyira mabungwe a boma oyang'anira mabanki, omwe pano ndi atatu, OCC, Federal Reserve ndi FDIC, aliyense ali ndi mabanki ake owayendera. Malamulo atsatanetsatane omwe akugwira ntchito mpaka pano anakonzedwa mu 1995 nthawi ya Bill Clinton, nkudzawonjezeredwa mu 2005. Chinanso choti musaiwale, ma credit union, omwe ali ngati ma SACCO athu aja, lamuloli siliwakhudza, komanso makampani obwereketsa ndalama za nyumba omwe si mabanki monga Rocket Mortgage ali kunja, ngakhale kuti masiku ano iwowo ndi amene akupereka ngongole zambiri za nyumba. Ma state ochepa ngati Massachusetts, New York ndi Illinois ndi amene anapanga malamulo awoawo owakokeramo.

Tsopano wosauka ndi ndani malinga ndi CRA? Apa samayang'ana nkhope, amayang'ana samu. Amatenga ndalama zomwe banja la pakatikati limapeza pachaka mderalo, ndiye wopeza zosakwana 50 peresenti ya zimenezo ndi low income, kuyambira 50 koma osafika 80 ndi moderate income, 80 mpaka pansi pa 120 ndi wapakati, kuposa pamenepo ndi wapamwamba. Magulu awiri oyambirirawo amawaphatikiza nkumati LMI, ndipo zilembo zitatu zimenezi ndiye fungulo ya chilichonse. Tiyerekeze kuti banja la pakatikati mumzinda wina limapeza madola 100,000 pachaka, ndiye kuti wopeza 79,000 ndi LMI ndithu. Chifukwa choti muyezo ndi wa dera lomwelo, munthu yemwe akutchedwa wopeza zochepa ku San Francisco atha kukhala akulandira zambiri kuposa "wapakati" wa kumudzi ku Mississippi. Madera nawonso amawagawa chimodzimodzi potengera timagawo ta kalembera. Chodabwitsa nchoti lamulo lobadwa chifukwa cha tsankho la khungu silitchula khungu mkawerengedwe kake, limangoona ndalama, ndipo omenyera ufulu akhala akudandaula zaka zonsezi kuti banki itha kukhoza bwino mayeso uku ikudumphabe mabanja a anthu akuda omwe ali ndi kangachepe.

Malamulo a 1995 ndi 2005 amati ntchito yotukula dera iyenera kugwera mu chimodzi mwa zinthu zinayi. Choyamba ndi nyumba zotsika mtengo za anthu a LMI, kuphatikizapo ma flat a lendi. Chachiwiri ndi chithandizo cholunjika kwa anthu omwewo, monga chipatala cha mdera, malo osungira ana, malo ogona osowa pokhala, maphunziro a ntchito zamanja. Ziwirizi sizivuta kumva, kungoti funso limabwera loti banki itsimikiza bwanji kuti opindulawo ndi a LMI, iziwafunsa payslip mmodzimmodzi? Ayi, oyendera amalola zizindikiro zina, mwachitsanzo sukulu yomwe ana oposa theka amalandira chakudya chaulere kapena chotsika mtengo cha boma, kapena kiliniki yomwe odwala ambiri ali pa Medicaid, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ya opeza zochepa, basi pamenepo zatheka.

Chachitatu ndiye chovutirapo, kutukula chuma pothandiza mabizinesi ang'onoang'ono ndi mafamu. Apa pali mayeso awiri. Bizinesiyo ikhale yaing'ono malinga ndi miyezo ya Small Business Administration, bungwe la boma loona za mabizinesi ang'onoang'ono, kapena izipanga ndalama zosapitirira madola 1 miliyoni pachaka, komanso ndalamazo zithandize kupanga, kusunga kapena kukonza ntchito zokhazikika za anthu a LMI kapena mdera la LMI. Kungobwereketsa bizinesi yaing'ono pakokha sikukwanira, dokotala wa mano wa kumayadi nayenso ndi bizinesi yaing'ono paja. Ndiye banki imayenera kusunga mapepala osonyeza kuti loni iyi inabala ntchito zingati, malipiro ake ndi otani, ndipo apa mpamene ma compliance officer, oonetsetsa kuti banki ikutsata malamulo, amatulukira imvi.

Chachinayi ndi kudzutsa kapena kulimbitsa dera lomwe likufa. Poyamba zinali za madera a LMI okha, koma anthu akumidzi anadandaula kuti kwathu kuno aliyense ndi wosauka mofanana, ndiye mukatiyerekeza ndi anzathu oyandikana nafe tonse tikuoneka "apakati" ndipo palibe chikuwerengedwa. Mu 2005 anawonjezera madera akumidzi apakati omwe ali pamavuto, kutanthauza kuti ulova ndi wochuluka ka 1.5 kuposa wa dziko lonse, kapena umphawi wafika 20 peresenti, kapena anthu achepa ndi 10 peresenti pakati pa kalembera wina ndi mnzake. Anawonjezeranso midzi yakutali kwambiri yomwe payokha singakwanitse kumanga zinthu ngati mipope ya madzi, ndi madera omwe boma lalengeza kuti kwagwa ngozi zadzidzidzi, ndipo kusinthaku kunayamba kugwira ntchito patangopita masiku ochepa namondwe Katrina atawononga New Orleans. Dera langozi nthawi zambiri limawerengedwa kwa miyezi 36. Mu 2016 anafotokozanso kuti kukokera intaneti yothamanga kumidzi yotereyi kutha kuwerengedwa.

Koma olo ntchito igwere mgulu limodzi mwa anayiwa, pali chipata china, cholinga chake chachikulu chikhale chitukuko cha dera osati kungokhudzako. Njira yachidule ndi yoti ndalama zoposa theka kapena opindula oposa theka akhale a LMI. Ngati sizikufika theka, banki isonyeze kuti cholingacho chinalembedwa poyera, pulojekiti inakonzedwa dala kuti ichite zimenezo, ndipo ikuchitadi kapena zikuonekeratu kuti ichita. Nyumba ya ma flat 100 yomwe boma la mzinda linalamula kuti 20 akhale a anthu opeza zochepa, banki imatha kupatsidwa gawo lokhalo la ma flat 20, osati loni yonse.

Ntchitozi zimalowera makomo atatu, ngongole, ma investimenti, ndi ntchito za manja ndi mutu za ogwira ntchito ku banki. Pa ngongole, loni yomwe yawerengedwa kale ngati ya nyumba ya banja limodzi kapena ya bizinesi yaing'ono siwerengedwanso kachiwiri ngati yotukula dera, kupatula ya ma flat ambiri. Pa ma investimenti ndi pomwe pali ndalama zenizeni. Mu 1986 boma linayambitsa Low-Income Housing Tax Credit, njira yoti womanga nyumba zotsika lendi apatsidwe chikhululukiro cha msonkho chomwe amagulitsa kwa ena kuti apeze ndalama zomangira, ndipo ogula akuluakulu ndi mabanki, chifukwa kwa iwo ndi mbalame ziwiri mwala umodzi, msonkho watsika, mapointi a CRA akwera. Palinso New Markets Tax Credit ya 2000, ndi mabungwe obwereketsa a mmadera otchedwa CDFI omwe thumba lawo la boma linakhazikitsidwa mu 1994, banki ikasungitsa ndalama kumeneko kapena kupereka giranti zimawerengedwa. Oyendera samangoona kuchuluka kwa madola, amafunsanso ngati ndalamayo ikuyankha vuto lenileni la deralo, ngati ndi yovuta kuikonza kapena yachilendo, komanso ngati ndi chinthu chomwe msika pawokha sukanachita. Banki yomwe imangogula mapepala a ngongole za nyumba za a LMI omwe mabanki amagulitsana okhaokha imapeza mapointi inde, koma sangafanane ndi ya yomwe yakhala pansi ndi mpingo ndi khonsolo kukonza za nyumba za okalamba kuyambira pa ziro.

Nanga tsache lija? Ntchito ya ogwira ku banki imawerengedwa pokhapokha ikukhudzana ndi luso la zachuma. Akauntanti wa ku banki akakhala msungichuma wa bungwe losamala osowa pokhala, zimenezo zalowa. Kuphunzitsa ana a sukulu yosauka kasungidwe ka ndalama, kuthandiza anthu kulemba mafomu a msonkho mwaulere, kukhala mu bodi ya bungwe lomanga nyumba zotsika mtengo, zonsezi zalowa, ndipo wa IT kapena loya wa banki akathandiza bungwe loterolo ndi luso lake zimalowanso. Koma kusesa msewu kapena kupenta mpanda ayi, malangizo a oyendera amachita kutchula kuyeretsa mdera ngati chitsanzo cha zosawerengedwa. Ineyo ndimaona kuti apa anaganiza bwino, tsache aliyense atha kugwira, koma wodziwa kuwerenga bajeti ndi wosowa.

Kayesedwe kamatengera kukula kwa banki, ndipo malire amasintha chaka ndi chaka potsata kukwera kwa mitengo. Mu 2024 banki ya chuma chosakwana madola 391 miliyoni inali yaing'ono, imeneyo amangoiona pa ngongole zake basi, za chitukuko ndi kufuna kwake. Kuchokera pamenepo mpaka madola 1.564 biliyoni ndi yapakati, imayesedwa pa ngongole komanso mayeso amodzi ophatikiza zonse za chitukuko cha dera. Zikuluzikulu zimalemba mapepala atatu, la ngongole, la ma investimenti ndi la ntchito. La ngongole limalemera theka la mamalikisi onse, mapointi ake amafika 12 pomwe enawo amathera pa 6 lililonse, ndipo mukaphatikiza, 20 kupita mmwamba ndi Outstanding, 11 mpaka 19 ndi Satisfactory, 5 mpaka 10 ndi Needs to Improve, pansi pake ndi Substantial Noncompliance. Banki ikalephera pepala la ngongole singapatsidwe Satisfactory olo itamwaza ma giranti bwanji. Mabanki omwe sachita za anthu wamba kapena amangopanga chinthu chimodzi ngati makhadi a ngongole amayesedwa pa chitukuko cha dera chokha, ndipo banki iliyonse ili ndi ufulu wolemba pulani yakeyake itamva maganizo a anthu, oyendera nkuivomereza, nkudzaiyesa pa zomwe inalonjeza yokha.

Pomwe pali vuto lalikulu ndi pa funso loti dera la banki ndi liti. Malamulo a 1995 amati ndi komwe kuli likulu, nthambi ndi ma ATM olandira ndalama, ndi madera ozungulira komwe yabwereketsa kwambiri. Banki imajambula yokha malirewo, kungoti siloledwa kudumpha dala madera osauka ngati mapu a redlining aja. Mu 1995 zinali zomveka, aliyense ankapita ku nthambi. Lero banki ya pa intaneti itha kukhala ndi ofesi imodzi ku Salt Lake City, ikutolera ndalama kwa anthu a dziko lonse pa foni, koma udindo wake wa CRA uli ku Salt Lake City komweko. Ku Utah, ku Wilmington mu Delaware ndi ku Sioux Falls mu South Dakota kunadzaza mabanki otere chifukwa cha malamulo okomera a ma state amenewo, ndiye mabanki ambirimbiri amalimbirana mapulojekiti ochepa omwewo mpaka mtengo wa ma tax credit a nyumba kumakwera, pomwe ku Mississippi Delta, ku mapiri a Appalachia kapena mmadera a mafuko a Amwenye a ku America komwe nthambi zinatsekedwa kalekale kulibe amene akuthamangirako. Eni ake amati kwina ndi hot spot, kwina ndi chipululu cha CRA. Pali kampata koti banki yomwe yasamalira kale dera lake itha kuwerengeredwa zomwe yachita mu state yonse kapena chigawo chozungulira, koma mabanki ambiri amaopa kuika ndalama pa chinthu chomwe sakudziwa ngati woyendera adzachivomere patapita zaka zitatu. Ndipo dandaulo la mabanki lakhala lomweli, kuti umadziwa ngati wakhoza utawononga kale ndalama, ndipo woyendera wa OCC atha kuvomera zomwe wa FDIC wakana.

Ukalephera chimachitika nchani? Palibe faindi. Chilango chake nchoti ukafuna kugula banki ina, kuphatikizana kapena kutsegula nthambi, oyang'anira amatsegula failo yako ya CRA ndipo atha kukuchedwetsa kapena kukukaniza, komanso kuyambira 1999 banki yosafika Satisfactory singalowe mabizinesi atsopano ngati a inshuwalansi. Magiredi anayamba kuikidwa poyera mu 1990, aliyense atha kuwerenga lipoti la banki yake. Kungoti mabanki oposa 95 pa 100 aliwonse amakhoza, mpaka ena amafunsa kuti mayeso amene aliyense amakhoza ndi mayeso kodi? Zolephera zimachitika apo ndi apo, Wells Fargo mu 2017 inatsitsidwa kufika pa Needs to Improve kutsatira mlandu wotsegulira makasitomala maakaunti osawauza, chifukwa kuphwanya malamulo oteteza makasitomala kumatha kugwetsa giredi olo manambala ako ali bwino. Mphamvu yeniyeni imaoneka nthawi yogulana mabanki, magulu a mmadera ngati National Community Reinvestment Coalition amadziwa kuti apa banki ili pakona ndiye amaikhazika pansi. PNC pogula BBVA USA mu 2021 inalonjeza madola 88 biliyoni, BB&T ndi SunTrust popanga Truist mu 2019 analonjeza 60 biliyoni. Malonjezo amenewa oyendera sawakakamiza, ndipo gawo lina ndi ngongole zomwe banki ikanaperekabe, koma amakhala olembedwa ndiye pali pogwira.

Mukamva wina akuti CRA ndi imene inagwetsa chuma mu 2008 pokakamiza mabanki kubwereketsa osauka, dziwani kuti komiti yomwe nyumba ya malamulo inakhazikitsa kufufuza za vutolo inapeza mu 2011 kuti lamuloli silinali chifukwa chachikulu. Akadaulo a Federal Reserve anapeza kuti pa ngongole za nyumba za chiwongoladzanja chokwera za nthawi imeneyo, pafupifupi 6 peresenti yokha ndi yomwe inaperekedwa ndi mabanki a CRA kwa a LMI mmadera awo oyesedwa, zambiri zinachokera ku makampani omwe lamuloli siliwakhudza nkomwe.

Zaka zaposachedwapa ndiye kwakhala kukokanakokana. Mu 2020 OCC pansi pa Joseph Otting inatulutsa malamulo atsopano yokha, Federal Reserve ndi FDIC osasaina nawo, ndipo anthu anakwiya kwambiri ataona mu dirafuti kuti ndalama zokonzera bwalo la masewera mdera losauka zitha kuwerengedwa. Malamulo amenewo anafufutidwa mu December 2021. Pa 24 October 2023 mabungwe onse atatu anagwirizana nkutulutsa chikalata cha masamba pafupifupi 1,500. Magulu anayi aja anasanduka 11, nkulowamo zinthu ngati kukonzekera ngozi za nyengo, ntchito za mmadera a mafuko a Amwenye, kugwira ntchito ndi ma CDFI ndi mabanki a anthu amitundu yochepa, ndi maphunziro a zachuma ngati gulu lapalokha. Analonjeza mndandanda wa zitsanzo za zowerengedwa ndi njira yoti banki ifunsiretu isanaike ndalama, zomwe mabanki ankalira zija. Ntchito zotukula dera zikanawerengedwa kulikonse mdziko, zomwe zikanathandiza zipululu zija, ndipo kwa mabanki akuluakulu chitukuko cha dera chikanalemera theka la mamalikisi, 40 peresenti ndalama ndi 10 peresenti ntchito. Koma munalinso choti banki yaikulu iziyesedwa komwe yabwereketsa kwambiri olo kulibe nthambi, ndipo ichi ndi chimene mabanki sanachimeze. American Bankers Association, U.S. Chamber of Commerce ndi anzawo anakasuma ku khoti la ku Amarillo mu Texas mu February 2024, kunena kuti lamulo la 1977 likukamba za dera lomwe banki ili, osati dziko lonse, ndipo pa 29 March 2024 jaji Matthew Kacsmaryk anaimitsa malamulowo patangotsala masiku atatu kuti ayambe. Boma litasintha, mu March 2025 mabungwe atatu aja analengeza kuti akufuna kuwachotsa, ndipo mu July 2025 anatulutsa ganizo lobwezeretsa a 1995. Kuyambira 2022 oyendera onse akhala akugwiritsabe ntchito akale omwewo, magulu anayi, ndipo dera la banki akuliyezabe poyambira pa nthambi ndi pa ATM.